Tsiku Limene Agogo Anakumba Okha Manda

Ena akamakumbukira agogo awo amayamba kuona nkhope, koma ine chimayamba kundipeza ndi fungo la penti ndi dzimbiri la malata, kenako phokoso la nyundo ikugunda pachidutswa cha njanji kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo, kuyambira dzuwa litangotuluka mpaka amayi a tomato pamsewu atayamba kulongedza. Agogo anga aamuna, a Nkhoma, anali mmisiri wa malata. Ankakhoma mbaula, ndowa ndi mabafa, ndipo sindikhulupirira kuti m'dera lathu munali nyumba imene sinaphikirepo pambaula yawo. Ine ndinakulira m'manja mwawo ndi mwa agogo aakazi, a Naphiri, chifukwa amayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 49 ndipo ankabwera Lamlungu lokha.

Agogo aamunawo anali ouma pakamwa. Ukawafunsa kanthu ankamaliza kaye kukhoma, n'kuyang'ana chimene akhomacho mbali zonse, n'kukuyankha iwe utaiwala kale funso lako. Agogo aakazi ankawaseka kuti, "Mawu anuwo mukusungira yani, bambo?" Iwo ankangomwetulira n'kutola nyundo.

Kwathu maliro akagwa, anyamata ankayala masamba pamsewu mbali zonse ziwiri za nyumba ya zovutayo. Wa njinga ankatsika n'kumakankha, wa chipewa ankavula, mawailesi ankazima, ndipo mmisiri aliyense woyandikira ankaika zida pansi. Mwambo wabwino ndithu, sindiunyoza. Koma unali ndi mchira wake woipa: kukhuza maliro kunasanduka kuoneka. Munthu ankatha kukhala pansi pa mtengo tsiku lonse akukamba za mpira, osatunga madzi, osagwira khasu, koma poti anthu amuona, ameneyo ndiye woyenda maliro.

Agogo aamuna sankakhala pansi pa mtengo. Uthenga ukangofika, ankapita kusiwa m'mamawa, kugwada, kupepesa, n'kufunsa dzina lonse la womwalirayo. Akabwerako ankamanga nyundo, lumo la malata, misomali ndi tizitini ta penti m'thumba, n'kukankha njinga mpaka kudambo, kufupi ndi mtsinje, kumene phokoso lawo silikanafika m'makutu mwa anamfedwa. Kumeneko ankadula lata, kulipinda m'mbali kuti lisacheke munthu, kuboola dzina ndi msomali kadontho ndi kadontho, kupaka penti wakuda ndi woyera, n'kulikhomera pachitsulo chozika pansi. Chimenecho ndicho chinali chikwangwani cha pamanda. Sankalipiritsa aliyense. Chikauma ankakachisiya paokala ya Bambo Kachingwe, tcheyamani wa komiti ya maliro, kuti apite nacho kumanda.

Bambo Kachingwe anali munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji, wodziwa kuyankhula pagulu. Pamaliro aliwonse ankaimirira n'kunena kuti, "Komiti yathu, mwa nthawi zonse, yaikanso chikwangwani kuti m'bale wathuyu asaiwalike." Anthu ankang'ung'udza movomereza. Dzina la agogo silinatulukepo m'kamwa mwawo ngakhale kamodzi. Chimene anthu ankaona ndi nkhalamba ikudutsa pamasamba ndi thumba la zida, ndipo ndinkawamva amayi pampopi akunena kuti, "Taonani madala aja, anzawo akulira iwo akuthamangira geni."

Tsiku lina ndinalephera kupirira. "Agogo, anthu akuti inu simuyenda maliro. Bwanji osawauza?"

Anapukuta penti kuzala, n'kundifunsa kuti, "Womwalirayo wadandaula?"

Nkhani inathera pomwepo, ndipo mpaka lero yankho limenelo limandikwiyitsa.

Agogo aakazi anamwalira ndili Sitandade 6, m'nyengo yotentha ija nthaka ikauma gwa, mvula isanayambe. Anadwala masiku ochepa, n'kutisiya masana a Lachiwiri. Kutacha Lachitatu masamba anali atayalidwa pamsewu, koma pabwalo pathu panali mbee. M'nyumba munali amayi anga ndi abale ochepa ochokera ku Ntcheu, akulira mpaka mawu kusasa. Anthu a m'dera anabwera ndithu, koma anaima tsidya la msewu: abambo pansi pa mtengo wa mango, amayi m'mbali mwa mpanda, nkhuni zili pamutu osazitula. Panalibe woyambitsa nyimbo. Ndi kutentha kumene kunaliko, thupi silikanadikira tsiku lina. Agogo aakazi anayenera kuikidwa tsiku lomwelo.

A Lufeyo, mkulu wa adzukulu okumba manda, anawoloka msewu n'kunjuta pamaso pa agogo, ulemu wonse uli pamenepo ngati abwera ndi zabwino.

"Madala, pepani ndi zovutazi. Koma anyamata akuti makasu sanyamula. Inu maliro a anzanu mumangodutsa ndi thumba lanu. Ndiye akuti lero mulaweko. Kayambeni nokha kukumba, ife tikaona kuti mwamva, tibwera."

Agogo anatembenuka n'kuyang'ana Bambo Kachingwe, amene anakhala pampando wa pulasitiki kutsogolo kwa abambo aja. Anawayang'ana nthawi yaitali, akudikira. Mawu ochepa okha a tcheyamaniyo akanakwana. Bambo Kachingwe anakonza kukhosi, anakoka jekete, n'kunena kuti, "Ndi chigamulo cha anthu, madala. Ine ndingatani?"

Ndingatani! Munthu amene manja ake analandira zikwangwani zonse zija, penti atangouma kumene! Ankaopa kuti akanena zoona anthu adziwa kuti komiti yake yakhala ikudyera thukuta la nkhalamba. Anasankha kuti mayi wakufa agone m'nyumba yotentha opanda nyimbo kusiyana n'kuti jekete lake lichite manyazi.

Agogo analowa kuseri, anatenga piki ndi fosholo, n'kuuyamba wa kumanda, mutu uli mbuu ndi imvi, msana wopindika ndi zaka zonse zowerama panjanji. Anadutsa pakati pa anthuwo, ndipo anthuwo anawapatsa njira. Anyamata amphamvu zawo, ena oti mabafa a maukwati awo anakhoma ndi agogo omwewo, anangopinda manja n'kumaonerera.

Ndinadikira kuti wamkulu wina ayankhule. Dzuwa linakwera, ntchentche zinayamba kulowa m'nyumba, amayi anga akuzikupiza ndi chitenje. Kenako china chake chinandidukira m'mtima. Ndinatuluka, ndinaima pakati pa msewu pamasamba pomwepo, n'kukuwa ndikulira kuti, "Zikwangwani zonse za kumanda amakhoma ndi agogo anga! Amakakhomera kudambo kuti musamve phokoso! Afunseni a Kachingwewo!"

"Mwana wopanda mwambo uyu," anatero bambo wina. "Mchotseni apo!"

Koma Mayi Nasibeko, ogulitsa makala pakona, amene anaika mwana wawo wamkazi chaka chapitacho, anatula nkhuni zawo pansi n'kupita kukaima pamaso pa tcheyamani.

"A tcheya, chikwangwani cha mwana wanga anakhoma ndani?"

"Mayi, nkhani zimenezi si za pano. Tidzakambirana kukomiti."

"Ndafunsa kuti anakhoma ndani."

Bambo Kachingwe anayang'ana nsapato zawo. "Ndi madalawa."

"Cha mwana wanga chokha?"

"Zonse."

Mayi Nasibeko anagwira pakamwa. Kenako anatola nkhuni zawo, anawoloka msewu, n'kuyamba kulira mokweza akulowa pabwalo pathu, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Amayi ena anawatsatira akuthamanga, aliyense akufuna asakhale womaliza. Abambo anabalalika kukasaka makasu.

Zakumanda sindinazione, ana sitinkapitako nthawi yokumba. Ndinazimva kwa a Lufeyo eni ake, amene kwa zaka zambiri ankazifotokoza ngati nkhani yoseketsa. Akuti anawapeza agogo ali m'dzenje lofika m'chiuno mbali imodzi, malaya ali chonyowa, zikhatho zitaphulika matuza, mpini wa piki uli magazi okhaokha.

"Madala, tulukani, tikumbe ife."

Agogo akuti anaponya fosholo ina ya dothi kunja, n'kunena kuti, "Kumutu ndamaliza. Pamene agone mutu wake musakhudzepo. Inu kumbani kumiyendo."

Tinawaika agogo aakazi dzuwa litapendeka, nyimbo zili pakamwa pa aliyense, zokweza kuposa pamaliro ena onse amene ndinapitapo. Manyazi amaimbitsa anthu bwino. Koma pa anthu onsewo, kupatula Mayi Nasibeko, palibe anabwera kudzanena kuti tinalakwa. Ankagwira agogo dzanja lotupalo n'kumati, "Komanso inu madala, bwanji osanena?" Mlandu unabwereranso kwa iwo! Bambo Kachingwe anayankhulabe pamanda, anathokoza anthu a m'dera chifukwa cha umodzi wawo, ndipo anakhalabe tcheyamani zaka zina zambiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti manja a agogo anatukusira, moti kwa mwezi wathunthu sanathe kugwira nyundo. Mumzere wawo wonse kumandako, manda a agogo aakazi okha ndiwo anakhala ndi kamtengo kozika, opanda dzina. Komiti imene inkati imaika zikwangwani mwa nthawi zonse sinaike kanthu. Manja atapola, agogo anakhoma chikwangwani cha akazi awo pabwalo pathu pomwe, tsiku lonse, osalola munthu kuwayankhulitsa.

Ndinkaganiza kuti basi asiya. Koma amayi a Bambo Kachingwe atamwalira, ndinaona agogo akumanganso thumba lawo.

"Agogo, ngakhale amenewo?"

"Amayi akewo anandilakwira chiyani?" anatero, n'kukankha njinga.

Iwo anakhululuka, kapena mwina sanasunge n'komwe. Ine mtima umenewo sindinatengere. Pano ndimakhala ku Area 25, ndili ndi ana anga ndi kasaluni kanga, ndipo anthu amanditcha wamwano chifukwa pamaliro wina akangoyamba kunong'ona kuti uje sanabwere, ndimamufunsa mokweza kuti iyeyo wabwera kudzalira kapena kudzawerenga mitu. Miyezi yapitayi mtsikana wina wa lendi pafupi nafe, amene amagwira ntchito m'shopu mpaka Lamlungu, bambo ake anamwalirira m'nyumba mwake. Amayi anzanga anagwirizana kuti tiyambe taima panja kuti aphunzire, poti saoneka pamaliro a ena. Ndinawasiya pageti pomwepo, ndinalowa ndekha, ndinakhala pansi pafupi ndi mtsikanayo n'kuyambitsa nyimbo, ine amene kukwaya anandibweza chifukwa cha mawu oipa. Ndinaimba ndime yoyamba ndekha, yachiwiri ndekha, misozi ya ukali ikutsika. Pandime yachitatu analowa mmodzimmodzi, akundiyang'ana ndi diso loipa. Andiyang'ane. Ndili moyo ine, pamsewu wathu palibe adzalire yekha.