Duwa la azakhali ndi bodza la ku Domwe

Lachiwiri lapitali azakhali anga a Nangozo anafika pakhomo panga dzuwa lili paliwombo, mtolo uli pamutu, fumbi la njira ya ku Domwe lili m'miyendo. Sanafune n'kukhala pansi komwe. Atangomwa madzi anati, "Zuze, ndipatse duwa langa ndizipita, mvula ingandipeze m'njira."

Ndinalowa m'nyumba, ndinanyamula chitini chimene chinali pazenera, n'kuima nacho kanthawi kuseri kwa chitseko. Mbali imodzi duwalo linali losalala, lobiriwira bwino. Mbali inayo linali ndi chipsera chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Ndikanatha kuwaonetsa mbali yabwinoyo, iwo n'kulikulunga m'nsalu, zachipserazo n'kukaziona okha kwawo.

Koma ndiyambe ndakuuzani za duwali, kuti mumvetse chimene chinandiimitsa kuseri kwa chitseko.

Timangoti duwa, koma maluwa ake ndi tinthu tosaoneka n'komwe. Ndi chimutu chobiriwira chonga anyezi, chachikulu kuposa chibakera cha munthu wamkulu, chodzaza madzi m'kati. Chimakhala pamwamba pa dothi, ndipo pakati pake pamatuluka kamtsitsi kanthete kamene kamayanga pazenera. Msuweni wanga Luwizi, mwana wamwamuna yekhayo wa azakhali, ndiye analikumba m'matanthwe a phiri la kuseri kwa Lifidzi sabata imene ankanyamuka kupita kumigodi ya ku Joni. Analibzala m'chitini cha azeti, mafuta ophikira aja, chimene anatola kuseri kwa kantina, sitolo ya pamudzi, n'kulisiyira amake. Padutsa mvula zisanu, Luwizi sanalembepo kalata. Anthu ayamba kumutchula kuti mtchona. Lamulungu lililonse azakhali akachoka ku misa amatenga kansalu n'kupukuta fumbi pachimutu chija.

Mwezi wa Agosto mwana wawo wamkazi wokwatiwa ku Domwe anabereka mapasa, ndipo azakhali anapita kukamuthandiza. Duwa anabwera nalo kwa ine.

"Iwe ndiwe pulofesolo, ndiwe wosamala zinthu," anatero. "Usalivute. Timadzi pang'ono Lamulungu lokha. Ndipo lisatuluke panja."

Sabata ziwiri ndinamvera. Yachitatu nzeru za m'mabuku zinandikwera. Ana ndimawaphunzitsa kuti chomera chimafuna dzuwa, nanga ichi chikhalirenji m'nyumba ngati wodwala? Ndinachiika pakhonde m'mawa, n'kupita kukaphunzitsa. Pobwera masana ndinapeza chitini chili chafufumimba pabwalo, dothi lili mbwee, kamtsitsi kaja katathothoka. Mbuzi ya pamudzi inali italuma chimutucho kamodzi n'kulavula chifukwa n'chowawa, koma pochoka inachiponda ndi chiboda mpaka chinang'aluka.

Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Sananame.

Mukudziwa chimene ndinayamba kuchita? Sindinaganize zochiza ayi. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali amene waona. Kenaka ndinakanya dothi ndi ndowe, n'kumata pabala paja, n'kubwezera chimutucho m'chitini, mbali yomatayo ndinailozetsa kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, poganiza kuti chovulala chimafuna chakudya chambiri.

Akazi anga, amake Mariya, anaziona zonsezi. Tsiku lachitatu anati, "Abambo, Lachisanu anthu apita ku Domwe kukagulitsa nyemba. Bwanji osatumiza mawu kwa azakhali? Duwalo amalidziwa ndi iwo."

"Tiwadetserenji nkhawa?" ndinayankha. "Ali ndi mapasa m'manja."

Mawu abwino, eti? Omveka ngati a munthu wachifundo. Koma chifundocho chinali cha pa ine ndemwe. Ndinkaopa kuti pulofesolo wosamala uja aoneka wosamva.

Itafika feriya, tchuthi cha masiku awiri, ndinapalasa njinga kupita ku Domwe kukaona mapasawo. Ndinawanyamula, ndinadya, tinacheza. Pondiperekeza, tili pamphambano, azakhali anandifunsa motsitsa mawu, "Nanga duwa langa lili bwanji?"

"Lili bwino kwambiri, azakhali."

Anamwetulira, n'kundigwira pamkono. Ine ndinakwera njinga, ndipo chitunda chonse chotuluka mu Domwe ndinachikwera osatsika, chifukwa sindinkafuna kucheuka.

Patatha sabata chibwerereni kunyumba, m'chipinda munali fungo la kachewere woola. Ndinakanda dothi lomata lija ndi chala, chala n'kungolowa. M'kati munali mutada bii, mukutuluka madzi onunkha.

Apa m'pamene ndinaganiza nzeru ina yoipa kuposa yoyamba. Ndinauza amake Mariya kuti mawa ndikwera phiri lija ndikakumbe lina lofanana nalo, ndibzale m'chitini chomwecho.

"Munthu walipukuta ndi manja ake zaka zisanu," anatero. "Mukuganiza kuti sadziwa pamene pali kamzera ndi pamene palibe? Ndipo akapanda kuzindikira, inu mudzaziona bwanji akupukuta duwa la eni phiri Lamulungu lililonse?"

Sindinakwere phiri. M'malo mwake ndinanyamula chitini m'dengu, ndinaphimba ndi chiguduli, n'kupita kwa a Kachingwe kudimba. A Kachingwe ndi mkulu wolima kachewere kutsidya kwa mtsinje wathu. Sadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, koma mbewu yawo siola, ndipo anthu amachoka kutali kudzaifuna.

Anazula chimutucho, anachinunkhiza, n'kuchitembenuza m'manja.

"Ndani anamata ndowe pabala?"

"Ndine."

"Ndani amathirira?"

"Ndine ndemwe."

"A pulofesolo," anatero akupukusa mutu, "mbuzi inangoyamba. Womaliza ndinu."

Anaika mpeni pamoto mpaka unatentha, anaudikira kuti uzizire, n'kuyamba kusema choolacho. Ankasema pang'onopang'ono, akutaya zakudazo kutali. Ine mtima unkandipweteka poona chimutu chikuchepa. Ndinati, "Basi, pakwana, chitha chonse." Iwo sanandimvere. Anapitiriza mpaka pamene mnofu unaoneka woyera mbee, wopanda kadontho kakuda ngakhale kamodzi. Kenaka anatapa phulusa lozizira n'kulipaka pabala ponse.

"Musachibwezere m'dothi," anatero. "Chiikeni pathandala, pamthunzi podutsa mphepo, masiku khumi. Bala likauma mudzachikhazike pamchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi makala osinja. Chitinicho muchiboole kunsi. Madzi ayi, mpaka chitaphuka chokha."

"Sichifa ndi ludzu?"

"Chimakhala pathanthwe chilimwe chonse. Amachithirira ndani kumeneko?"

Ndinachita monga ananenera. Ntchito yovuta sinali kusinja makala kapena kusenza mchenga. Yovuta inali kusachita kanthu. M'mawa uliwonse ndisanapite kukaphunzitsa ndinkaima pazenera, manja akuyabwa kufuna kuthira timadzi. Chimutu chinafota, chinachita makwinya, khungu lakunja linauma ngati pepala. Kawiri konse amake Mariya anandilanda chikho m'manja. Sabata zinatha zinayi popanda chosintha, ndipo ndinayamba kukonza mawu okanena maliro.

Sabata yachisanu, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a ku Dedza, ndinaona kansonga kobiriwira pakati pa chimutu, kochepa ngati mpunga umodzi. Patatha masiku atatu kanali katatalika ngati chala. Pamene azakhali ankafika Lachiwiri kanali katagwira kale chingwe chimene ndinakamangira.

Tsono ndinatuluka kuseri kwa chitseko kuja, ndinagwada pamaso pawo, n'kuika chitini pansi chipsera chikuyang'ana kwa iwo. Ndinafotokoza zonse: khonde, mbuzi, ndowe, madzi, mpeni wa a Kachingwe.

Anatula mtolo wawo, anakhala pansi, n'kusisita chipseracho ndi chala chachikulu. Nkhuku zinayamba kutola pafupi ndi mapazi awo.

"Mbuzi sindikuiimba mlandu," anatero. "Mbuzi ndi mbuzi. Iwenso za pakhonde sindikukuimba mlandu, unkafuna zabwino. Koma Zuze, ku Domwe kuja ndinakufunsa."

"Munandifunsa, azakhali."

"Ukanandiuza, ndikanati usathire madzi, upake phulusa. Chaka chachiwiri chichokere Luwizi khoswe analiluma pomwepa, ndipo ndinachita zomwezo. Likanapola lisanaole. Theka lonse latayikali si la mbuzi ayi."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anadya nafe, anafunsa za ana, anathokoza amake Mariya, n'kunyamula duwa lawo m'manja mtolo uli pamutu. Mvula inawadikira mpaka anafika.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuganiza za mawu awiri aja, lili bwino. Ndi kangati timawanena patsiku, ife anthu a kuno?

Mlamu wako wakusiyira ng'ombe kuti uzimuyang'anira pamene iye ali ku Tete. Imodzi yayamba kutsimphina. Wapaulendo akufunsa kuti akanene chiyani, iwe n'kuti, "Kaneneni kuti zonse zili bwino." Pofika mwezi wamawa ng'ombeyo yagona pansi, ndipo mwini wake, amene ankadziwa mankhwala ake, akumva nkhaniyo pamodzi ndi chikopa.

Ineyo kusukulu ndimaziona. Mwana wabwera kudzakhala kwa amalume ake kuti aziphunzira pafupi. Wayamba kutsokomola, waonda, akugona m'kalasi. Ndikafunsa ngati makolo ake auzidwa, yankho n'lomwe lija ndinapatsa amake Mariya: tiwadetserenji nkhawa. Chaka chatha mtsikana wina wa kalasi yanga anakafika kuchipatala cha ku Vila mochedwa chifukwa cha mawu amenewa. Anachira, koma khutu limodzi silimvanso. Amake anali ulendo wa tsiku limodzi lokha.

Timati ndi ulemu. Timati munthu wamkulu sauzidwa zoipa ali paulendo. Ulemuwo ulipodi, sindikukana, ndipo pali nkhani zina zofunika kudikira kuti munthu akhale pansi amwe madzi. Koma tiyeni tinene zoona. Nthawi zambiri amene tikumuteteza si mwini chinthu. Tikudziteteza tokha, kuti tisaoneke osasamala. Ndipo pamene tikudikira kuti zikonzeke zokha, timamata ndowe pabala, timathira madzi, timachita zonse zimene munthu wamantha amachita, zinthu n'kumaipiraipira. Wobisa matenda maliro amamuulula.

Chodabwitsa n'chakuti mwini chinthu kawirikawiri ndiye amadziwa kachizidwe kake. Anakhala nacho, anachiona chikudwala kale. Tikamubisira timadzitsekera tokha khomo la sing'anga.

Lachitatu m'mawa ndinakwera pampando, ndinapisa dzanja patsindwi, n'kusolola macheka a a Binisiyo, mmisiri wa matabwa wa pamudzi pathu. Ndinawabwereka isanafike Pasaka pokonza mabenchi a ana, ndipo ndinathyola mano atatu pamsomali. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuzungulira njira ya kudambo kuti ndisadutse pakhomo pawo.

Ndinawapeza akupala chitseko. Analandira machekawo, anawayang'ana kudzuwa, n'kuseka.

"Manowa si kanthu, a pulofesolo, ndikanawanola tsiku lomwelo. Koma dzimbiri ili! Munawasunga m'madzi kodi?"

"Patsindwi," ndinatero.

"Denga lanu likudontha ndiye. Mukalikonze mvula isanalimbe." Anawapachika pamsomali, n'kupitiriza kupala. "Ine ndimadabwa kuti munthu wamkulu wayamba bwanji kukonda njira ya matope."

Nkhani inathera pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri ya kuzemba inatha m'nthawi yosakwana kuwiritsa madzi.

Nanga inu owerenga, ndi pakhomo pa yani pamene mwasiya kudutsa? Ndipo mwini wake akakufunsani Lamulungu likubwerali potuluka m'tchalitchi, mudzamuyankha kuti chiyani?