Mlamba wa m'thawale lathu

Linali Loweruka loyamba la Okutobala, 3 koloko masana, chaka chomwe ndinabereka mwana wanga woyamba. Amayi a m'mudzi mwathu ku Mkanda tinali m'thawale, madzi ali m'mawondo.

Thawale ndi madzi otsalira pakati pa dambo mvula ikatha. Ena amati dziwe, ena thamanda, koma kwathu timati thawale. Dzuwa likakula timalowamo tonse tsiku limodzi, kuvundula matope ndi miyendo mpaka milamba itabanika n'kuyandama, kenako timaivundikira ndi madengu. Tsikulo tinachedwa kuyamba chifukwa m'mawa tinali koyeserera gule wa chipani.

Kumtunda kunaima aphunzitsi aakazi amene anali atangofika kumene pasukulu yathu, kwawo ku Nkhotakota. Anali osakwatiwa, atavala nsapato zoyera. Pambali pawo panali amuna anga, atagwira njinga. Kuyambira tsiku lomwe amuna angawo anawamatira aphunzitsiwo tayala la njinga, m'nyumba mwathu munkangomveka za nyanja. Akuti tsidya silioneka. Akuti mchenga wake uli ngati shuga. Chonsecho amuna angawo nyanja anali asanaionepo.

"Ndiye nyanja yanu ndi imeneyi, amayi?" anatero aphunzitsiwo akuseka. "Kwathu izi amasambamo abakha!"

Amuna anga anaseka kuposa onse. Ine ndinangoyang'ana m'madzi. Sukulu ndinalekera sitandade 3, ndipo pamaso pa anthu ophunzira lilime limandilemera.

Posakhalitsa dengu langa linagwedezeka. Ndinapisa dzanja n'kutulutsa mlamba wotalika ngati mkono wanga, munga wake utandibaya pachala. Amayi anzanga analuluta. Ndinapita nawo kumtunda kuti amuna anga aone. Iwo anaulandira, naupereka kwa aphunzitsi aja.

"Mlendo alaweko za kuno," anatero. "Mawa ndikupitanso nawo ku boma panjinga, akaone abale awo."

Chala changa sanachione n'komwe.

Madzulo ndinaphika mfutso wopanda nsinjiro.

"Amake mwana, nsomba zina zija zili kuti?"

"Zapita kunyanja," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. Zinali kwa amayi anga. Thawale lija ndi la mtundu wathu, amuna anga anangobwera kudzakwatira.

M'mawa mwake ndinasamba kusanache, ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, n'kubereka mwana. Njinga inali itatsamira pankhokwe. Ndinapinda chiguduli, n'kuchiyala pakaliyala, n'kuima pomwepo nditagwira chishalo.

Aphunzitsi anafika ndi kachikwama kawo, nsapato zili mbee. Amuna anga anatuluka, nayang'ana ine, nayang'ana iwo.

"Nanga iwe ukupita kuti?"



"Ku boma. Inenso sindinapiteko."

Aphunzitsi anaseka pang'ono, nati akadikira galimoto ya fodya kumsewu. Ndinakwera pakaliyala, ndipo njira yonse sindinasiye malaya a amuna anga.