Chitini cha msilikali wa ku Canada

Chaka chomwe ndinkasamalira mayi wina wokalamba ku Dún Laoghaire, m'dziko la kutsidya kwa nyanja, ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse inali kupukuta chithunzi cha mlongo wawo. Mlongoyo anakwera sitima padoko la komweko mayiwo ali mwana, kukafuna ntchito ku Canada. Kumeneko analowa usilikali, nkhondo n'kukamuphera ku Italy. Chomwe chinatsala ndi chitini cha mabisiketi, momwe munali makalata ake ndi mendulo imodzi. Mayiwo ankati mlongo wawo ankaimba mluzu moipa, ndipo m'makalata onse ankangodandaula za nsapato zothina.

Tsiku lina kunabwera bambo wamtali, womwetulira mopitirira muyeso. Anati achokera ku Canada, ndipo agogo awo anali gulu limodzi ndi malemuwo. Atangofunsa za makalata, mtima wanga unakana. Alendo ongotulukira oterewa ndimawadziwa ine. Bambo anga atamwalira, abale awo anafika akulira mokweza kuposa ife, koma pochoka ananyamula makina osokera ndi malata omwe. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine ndinkangoona munthu wodzameta nkhalamba.

Ndinanamizira kukatereka tiyi, n'kubisa chitinicho m'makina ochapira.

"Pepani bambo, chitini cha makalata chinatayika," ndinatero, maso ali gwa.

Sanatsutse, ndipo kufatsa kwakeko kunangondiwonjezera kukayika. Anamwa tiyi, anasiya envulopu patebulo, n'kuthamangira sitima yapamtunda yobwerera m'tauni.

Envulopuyo ndinaitsegula ndine, ndikuyembekeza mapepala oti mayiwo asaine. Munali kalata yachikasu, ya zilembo zokhotakhota za mwana. Kapepala kena kanafotokoza kuti kalatayo analemba ndi mayiwo ali wamng'ono, ndipo agogo a bambo uja anaichotsa m'thumba la msilikaliyo tsiku lomwe anaphedwa. Banja lawo linkangofuna kuti ikhale pamodzi ndi makalata enawo.

Mayiwo sanaiyang'ane n'komwe. Anali atamva bodza langa, ndipo misozi inali mbwembwembwe.

"Mwanawe, chitini changa chatayika liti?"

Ndinakachitulutsa chikununkhira sopo, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Anachikumbatira, kenako anayang'ana kukhomo nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi palibe anabwerapo kudzafunsa za iye," anatero. "Lero wabwera mmodzi, iwe wamubweza."