A Mateyu Zulu, wometa amene ankamana anthu sipiliti

A Mateyu Zulu anabadwira ku Mlonyeni mu 1957, nabatizidwa ku Guilleme ali khanda. Sukulu sanapite nayo patali. Anaphunzira kumeta ndi sizasi pansi pa mtengo wa mango, ndipo makina atabwera anatsegula kashopu pamsika. Akameta munthu ankapukuta makina ndi sipiliti, mankhwala aja a mtundu wa pepo amene opanga amathiramo poizoni dala kuti asamwedwe.

Koma anthu a ludzu nzeru siziwathera. Ku maesiteti a fodya kunafala bodza loti ukasefa sipiliti ndi buledi, poizoni amatsalira m'buledimo. Eneya, mng'ono wa a Mateyu, amene anali tenanti, anakhulupirira. Anatenga botolo m'shopu mobisa, nasefa n'kumwa, ndipo patapita masiku awiri maso ake anazimiratu.

A Mateyu analira kwambiri, nadziimba mlandu. Kuyambira pamenepo botolo linkakhala m'thumba la jekete, limodzi ndi kolona.

Ena anawalangiza kuti angosiya sipilitiyo. "Ndisiye kuti ana a eni atengere zipere pampando wanga?" anayankha. "Ntchito yake ndi makina ndi zilonda, osati mmero."

Opempha sanasiye kubwera. Woumirira kwambiri anali Joe, mnzake wa Eneya, amene ankati akufuna wotsukira bala.

"Ndionetseni balalo, ndilitsuke ndekha," ankatero a Mateyu.

Joe anawatukwana pagulu, nakopa anzake kuti azikameta kwina. Miyezi ina pampando pankangokhala fumbi, koma mkuluyu sanagonje. "Mudane nane muli ndi maso," ankatero, osakweza mawu.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Lamulungu lililonse ankagwira Eneya dzanja kupita ku Misa, mvula kaya dzuwa. Chinkawadetsa nkhawa atadwala chinali chimodzi: adzamtsogolere ndani? Anadzozedwa mafuta a odwala, namwalira mwakachetechete Lachisanu m'mawa, kolona ili m'manja.

Lamulungu lotsatira maliro, Eneya anavala jekete la mkulu wake nakhala pakhonde, osadziwa kuti akudikira yani. Anamva mapazi, kenaka dzanja linamugwira.

"Ndani?"

"Ndine Joe, achimwene. Nyamukani, tingachedwe. Maso awa anandisungira ndi akulu anu."