Kabuku Komaliza ka a Njobvu

A Fackson Njobvu anabwera ku Livingstone kuchokera ku Katete ali mnyamata, nakalambira konko akuphunzitsa pa sekondale ina. Imeneyo inali ntchito ya boma. Imene anthu amawakumbukira nayo ndi ya ndakatulo. Ankalemba zawo, koma nthawi yambiri inkathera pokonza za ena ndi kuzisindikiza m'timabuku topyapyala.

Makina osindikizira anali akale, opukusa ndi dzanja, amene sukulu inataya itapeza atsopano. Makinawo ankakhala pakhonde la nyumba yawo ku Dambwa North atafunditsidwa chitenje. Akazi awo, a Clementina, ankatayipa ndakatulo pa stensulo, pepala lofewa limene taipi imaboola kuti inki idutse. A Njobvu ankapukusa. Inki sinkachoka m'zikhadabo, moti kutchalitchi ankaimba atabisa manja.

Loweruka masana olemba ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kunkabwera aphunzitsi, antchito a kunjanji ndi amayi a pamsika. Lamulo linali limodzi: ndakatulo sinkalowa m'kabuku mwini wake asanaimirire ndi kuinena pakamwa. A Njobvu sankayang'ana wonenayo, ankayang'ana omvera. Wina akayamba kupirikitsa ntchentche kapena kusuzumira kumsewu, mzere umenewo ankaudula ndi pensulo.

"Apa ba Norah anayasamula," ankatero. "Chotsani."

A Norah ankagulitsa nsomba zouma, ndipo sankagonja msanga. "Ninalema chabe, ba ticha. Nachoka kumsika."

"Mizere inayi simunaleme bwanji?"

M'chaka cha 1995 a Njobvu anapuma pantchito, nakonzeka kubwerera ku Katete. Masitensulo anali atayamba kusowa m'masitolo chifukwa anthu anatembenukira ku fotokope. Otsala m'bokosi ankakwana kabuku kamodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi komaliza.

Pa anthu a Loweruka panali a Akufuna a ku Libuyu. Ankaluka mabulangete pa fakitale ina mpaka inatsekedwa, misika itadzaza salaula, zovala ndi zofunda zakale zochokera kunja. Ankabwera wapansi, kunyamula mabenchi, kukhala kumbuyo. Anali achibwibwi kwambiri, kotero sankayankhula pagulu. Tsiku lina anapereka pepala kwa a Njobvu. Inali ndakatulo ya fakitale ija. A Njobvu anaiwerenga ali chiimire, ndipo anadziwa kuti pa zonse zimene zinadutsa m'manja mwawo, zoposa iyi zinali zochepa.

Koma lamulo linalipo. Loweruka lotsatira a Akufuna anaimirira, pepala lili m'manja. Liwu loyamba linakakamira pakhosi. Anayesa, nayesanso, thukuta lili kamukamu, kenaka anakhala pansi. Panalibe woseka, ndipo a Njobvu anaona kuti kukhala chete kumeneko n'kumene kunawapweteka kwambiri a Akufuna.

Anthu atabalalika, a Clementina anati kwa amuna awo, "Atate a Joy, muwawerengere ndinu. Kabuku n'komaliza."

"Ndinakaniza ahedi, ndinakaniza abusa. Ndikawerenga ine, anthu adzati inalowa mwachifundo. Ba Akufuna nawonso adzadziwa."

"Ndiye isiyidwe?"

Kuisiya a Njobvu sankafuna, kuphwanya lamulo sankafunanso.

Lachitatu masana anayamba kusindikiza masamba amene anali okonzeka. A Akufuna anabwera kudzathandiza, poti kunyumba kunalibe chochita. Ankalandira mapepala ndi kuwayanika pamphasa kuti inki iume. Makina ankalira mwa nthawi zonse, khwa-tha, khwa-tha. Ali mkati mopukusa, a Njobvu anamva mawu pansi pa phokosolo. A Akufuna ankanena ndakatulo yawo chapansipansi koma momveka, mzere ndi mzere, osakakamira.

A Njobvu anaimitsa dzanja. Mawu anaima. Anapukusanso, mawu anabwerera.

"Ba Akufuna, munaipangira kuti ndakatulo iyi?"

Yankho linatenga nthawi kutuluka. "Pa... pa makina. Nikaluka, li... lilime limamasuka."

"Loweruka mubwere msanga. Kuli katundu wonyamula."

Loweruka awiriwo anatulutsa makina pakhonde, nawaika patebulo pansi pa mango. Munalibe pepala, munalibe stensulo.

"Ba ticha, lero musindikiza mphepo?" anafunsa a Norah.

"Khalani pansi, mayi. Musayasamule."

A Njobvu anagwira chopukusira, nayamba pang'onopang'ono. A Akufuna anaimirira, natseka maso, namvetsera kaye. Phazi linayamba kugunda pansi. Kenaka mawu anatuluka.

*Ulusi upita, ulusi ubwera,*
*bulangete likula, ine nikalamba.*

Ndakatulo inali yaitali. Inatchula belu la m'mawa, thonje lotsala m'tsitsi, ndi tsiku limene anapeza loko pageti. Phewa la a Njobvu linayamba kuwawa koma sanasinthe liwiro, poopa kumugwetsa munthuyo. Maso awo anali pa omvera monga mwa masiku onse. Ambiri anali ndi mbale amene anagwirapo m'mafakitale otsekedwa. Ntchentche zinatera pamiyendo popanda wozipirikitsa.

Itatha, anthu anaomba m'manja. A Njobvu anatikita phewa, natenga pensulo kuseri kwa khutu.

"Mizere iwiri yomaliza ichoke. Ndakatulo inatha pa loko. Kwinako mumadzilira nokha, ndipo ba Norah anayang'ana kumsewu."

"Ninali kupukuta maso," anatero a Norah.

"Munayang'ana kumsewu."

A Akufuna anatenga pepala, nayang'ana mzere wa pensulo, naseka mpaka mano onse kuoneka. A Njobvu anali atawadulira mizere ngati wina aliyense.

A Clementina anaitayipa pa stensulo yomaliza m'bokosi, ndipo inakhala patsamba loyamba. Timabuku tinagawidwa m'masukulu ndi pamsika. Ena anakulungira nsomba, monga zimakhalira ndi mapepala. Ena akatisunga mpaka lero.

Mwezi wotsatira a Njobvu anakweza katundu wawo. Makina anali olemera, ndipo ku Katete sakanapeza inki. Anawasiyira a Akufuna, amene anawakankha pa wilibala mpaka ku Libuyu. Sanasindikizenso kanthu. Koma kwa zaka zingapo, odutsa pafupi ndi nyumba yawo masana ankamva khwa-tha, khwa-tha, ndi mawu a munthu akuyankhula osakakamira.