Ndowa Imene Ndinakhuthulira a Mulipa

Ndikukumbukira m'mawa umene ndinathira a Mulipa madzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuchokera ku mjigo kwathu ku Chileka, pamene ndinawaona ali chagada pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, maso ali chitsekere. Ntchentche inatera pamphuno pawo, iwo osagwedezeka. Ine dokotala wa pamudzi, amene ndinali nditawerenga za anthu okomoka pa nyuzipepala yokulungira mandasi, sindinafunse munthu. Ndinakhuthula ndowa yonse.

Anadzuka mwapang'onopang'ono, n'kupukuta kumaso. "Wandisambitsa, mphwanga. Nanga sopo?"

Mayi Nasibeko, oyandikana nafe, anaseka mpaka kutaya tsache.

A Mulipa anagwirapo ntchito yophika kwa bwana wina m'tauni, ndipo n'kumene anaphunzira masewera opinda thupi ndi kupuma mwadongosolo amene ankawatcha yoga. Kugona chagada kuja inali yoga yomweyo. Pamudzi tinkati ndi masewera a anthu okhuta. Poyesa kupepesa, ndinakakamira pa liwu loyamba, pakuti ndinali wachibwibwi. Ndipo panali patangotsala milungu iwiri kuti ndikawerenge Mawu a Mulungu pa msonkhano wa ana ku Lirangwe. Chaka cham'mbuyo ndinathawa paguwa ndisanamalize ndime yoyamba.

"Ukamalankhula, mapewa ako amakhala kuti?" a Mulipa anandifunsa.

Ndinaona ngati akundinyoza. Koma nditadzimvera, ndinawapeza atakwera mpaka m'makutu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kwa a Mulipa m'mawa uliwonse. Ankandiimika wopanda nsapato padothi lozizira. "Usakonze chilichonse. Ingomva." Ndinayamba kumva mpweya ukulowa wozizira, ukutuluka wofunda. Ndinamva nsagwada zimene ndinkaluma osadziwa, ndi mimba imene inkadzimanga mfundo liwu lililonse lisanatuluke. Zaka zonsezo ndinkakhala m'thupi langa ngati mlendo wongofikira pakhonde. Tsiku lina, tonse titaima pa mwendo umodzi, ndege inadutsa m'munsi ikukatera, nkhuku zinabalalika, ine ndinagwera m'chinangwa. A Mulipa, imvi zili mbuu, anali chiimire pa mwendo umodzi, manja m'mwamba, akupuma ngati khanda logona. Mpaka lero sindinaonenso munthu atadekha choncho.

Ku Lirangwe tchalitchi chinadzaza. Kuseri kwa gome ndinavula mwakachetechete nsapato zimene ndinabwereka kwa achimwene, mapazi n'kugunda simenti. Ndinatsitsa mapewa. Ndinakakamira kawiri, ndipo kawiri konse ndinadikira mpweya wanga m'malo moulimbana nawo. Ndinafika pa ndime yomaliza, ndipo pobwerera pa benchi ndinaiwala nsapato.

Chibwibwi sichinathe, ndikadali nacho. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti thupi limayamba kulankhula pakamwa pasanatseguke, ndipo ndi ulemu kulimvera.

Madzulo a tsiku limene ndinawerenga ku Lirangwe lija, mayi Nasibeko anandiimitsa pa mpanda, akupeta chimanga.

"Iwe," anatero, "madzi aja unathira a Mulipa, koma amene anatsitsimuka ndiwe."