Mutupo Wanga Unauma M'mwala

Ku koleji ndinakhalako miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinatulukako ndi chinthu chimodzi basi: mbalame. Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha mafupa ake atadinda pamwala, mbalame yakalekale, anthu asanakhaleko, ya mano kukamwa. Akatswiri amakangana kuti ndi ya banja liti, awa akuti uku, awa akuti uko. Mpaka lero ilibe kwawo. Ndinaikonda pomwepo.

Inadzandigwirira ntchito tsiku limene chibwenzi changa, mtsikana wachishona, chinanditengera kwa atete ake ku Zengeza 2. Atete ndi mlongo wa bambo ake, ndipo akapukusa mutu iwo, za ukwati iwalani. Ndinatsika minibasi ya kombi pasiteji ya Chikwanha, nsapato zobwereka zikundiluma.

Titapatsana moni, atete anafunsa m'Chishona: "Mutupo wako ndi chiyani, mwananga?"

Mutupo ndi nyama ya fuko lako, imene sudya. Ife tilibe. Agogo anabwera m'dziko lino kudzagwira ntchito pafamu, dzina lawo lenileni linasochera m'mapepala a mzungu. Koma kuyankha kuti ndilibe kunali ngati kuvomera kuti ndinagwa mumtengo.

"Shiri," ndinatero mwaulemu. Mbalame.

Chibwenzi chinatsinzina. Atete anaomba m'manja.

"Shiri ndife! Ndiye kuti uyu ndi mlongo wako. Palibe ukwati apa."

Ndinakonza kolala ngati pulofesa.

"Pepani amayi, yanga si yanu. Yanu imauluka. Yanga inauma m'mwala, ndipo ili ndi mano."

"Mbalame ya mano?"

"Okwanira bwinobwino."

"Abale ake ndani?"

"Nkhani ili pamenepo, amayi. Anthu a madigiri akufufuzabe. Sanawapeze."

"Mumaidya?"

"Sitinalakwirepo mwambo. Ndi mwala."

Chiseko chinawagwira atete mpaka duku kupendekeka, n'kuitana mnzawo wa nyumba yoyandikana kuti adzamve yekha. Ndinabwereza zonse, n'kuwonjezerapo za mapiko. Koleji yonse ija ndinaithera pakhonde limenelo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhoza.

"Iwe," anatero atete akupukuta misozi, "ukanangonena kuti ndiwe Mchewa wa kumafamu. Malemu amuna anga anali otero, anakhala nane bwino popanda nyama iliyonse. Kauze akuluakulu ako atumize munthu adzatipemphe. Koma pamaso pa mlongo wanga, pakamwa pako utseke. Iye saseka."